Abambo a Tiya azika paipi ya mbendera pakhomo osandiuza, ndithandizeni nzeru

Make Tiya
Abale anga pa gulupu pano ndithandizeni maganizo, nkhaniyi ena muiona ngati yaing'ono koma kunyumba kwathu yafika poti tikungolankhulana za ana basi. Mwezi watha ndinapita kukadwazika mchemwali wanga masiku anayi, pobwera ndinapeza abambo a Tiya azika paipi yaitali kutsogolo kwa nyumba, athira ndi simenti yomwe, pamwamba mbendera ya dziko ili petupetu. Osandiuza olo pa foni pomwe timaimbirana tsiku lililonse. Nditafunsa akuti iyi ndi nyumba yathu yoyamba yomanga tokha nde palibe landilodi woti atiletse, komanso munthu sapempha chilolezo kuti akonde dziko lake. Inetu dziko langa ndimalikonda musandimve molakwa. Koma iwowo amagwira ntchito kutali, amabwera Lachisanu madzulo nkubwerera Lolemba mbandakucha, nde amene ndimakhala ndi mbenderayo sabata yonse ndine. Anthu awiri agogoda kale pa geti, wina amayesa ndi ofesi ya boma, wina anandifunsa ngati abambo akufuna kudzaima nawo pa chisankho. Usiku chingwe chija chimamenya paipi ngwe ngwe ngwe mpaka kucha, ili pafupi ndi windo la kuchipinda. Ndawapempha kuti aitsitse akuti ndilibe mtima wokonda dziko. Mawu amenewo andipweteka kwambiri. Kodi ndikulakwa ine?

Chifuniro
Mayi musakhumudwe koma ine ndili mbali ya abambowo. Anthu amapachika mbendera ya Arsenal kaya Manchester United pakhonde chaka chonse palibe amadandaula, nde ya dziko lako lomwe ikhale yochititsa manyazi? Anthu ogogodawo azolowera, mwezi umodzi wokha asiya.

Make Tiya
Achimwene sindinanene za manyazi ine. Ndati ndimakhala ndekha ndi ana masiku anayi pa sabata ndipo anthu osawadziwa akubwera pa geti.

Nasibeko
Ine ndakhala ku Denmark zaka zingapo tsopano ndipo kuno mbendera pakhomo sichinthu chachilendo olo pang'ono. Amaitcha Dannebrog, yofiira ndi mtanda woyera. Mwana akakhala ndi bethide amaikweza panja, timbendera ting'onoting'ono amatibaya pa keke, olo kukalandira m'bale pa eyapoti amapita nato mmanja. Nde ukaona mbendera pa nyumba ya neba suganiza za ndale, umangodziwa kuti pali chisangalalo. Koma chimene ndaona nchakuti saisiya mmwamba usiku, dzuwa likamalowa amaitsitsa, ndipo ambiri ali ndi kansalu kena kowonda kakatali kotchedwa vimpel kamene amakapachika masiku wamba kuti mtengo usakhale wopanda kanthu. Mfundo yanga ndi yoti kuno zimatheka chifukwa aliyense mumsewu amamva chimodzimodzi akaiona. Kumene muli inuko ngati nyumba yanu ndi yokhayo yokhala ndi mbendera anthu ayenera kufunsa basi, ndipo woyankha ndinu.

Mlongo wa ku Joni
Zoona a Nasibeko, mbendera si nsalu chabe, imalankhula ndipo siilankhula chimodzi kwa onse. Kuno ku South Africa mbendera yakale ya nthawi ya tsankho ija, ya olenji, yoyera ndi buluu, inachotsedwa pa 27 April 1994 pamene inalowa yatsopanoyi. Koma azungu ena anapitiriza kuionetsa nkumati ndi mbiri yathu, mpaka a Nelson Mandela Foundation anakadandaula ku khoti ndipo mu 2019 khoti linagamula kuti kuionetsa popanda chifukwa chomveka ndi kufalitsa chidani. Sindikufanizira ndi yanuyo mayi, yanuyo ndi ya dziko lonse ya lero. Ndikungoti wopachika amadziwa chimene chili mumtima mwake koma wodutsa mumsewu amawerenga zake.

Bambo Mbewe
Mukuzungulira kwambiri apa. Mwamuna ndi mutu wa banja, wamanga nyumba, waika mbendera pa malo ake. Mayi ingogonjerani nkhani ithe, zinthu zazing'ono ngati izi ndi zimene zimapasula mabanja.

Agogo a Mapasa
A Mbewe mwawerenga bwino? Mayiwa ati nyumba yomanga tokha, sanati yomanga abambo. Ine ndakhala pa banja zaka 41 ndipo ndikuuzeni, chimene chimapasula banja si kukana kugonja, ndi kuchita zinthu mnzako atachokapo. Munthu wadikira mkazi apite ku matenda, wakagula paipi, waitana wowotcherera, wasakaniza simenti, zonsezi si za tsiku limodzi, ndipo madzulo aliwonse akuimba foni kufunsa za odwala osatchulako. Ndiye kuti ankadziwa kuti akanena pakhala kukambirana ndipo sankafuna kukambiranako. Mwana wanga Make Tiya, chikukupweteka kwambiri ndi simentiyo kuposa mbenderayo, ndanama?

Make Tiya
Agogo mwalasa penipeni. Akanakhala kuti anangoipachika pa ndodo pakhonde bwenzi ndikuti tiyesere kaye tione. Koma simenti imatanthauza kuti nkhani anaimaliza okha. Ndipo malo amene azikapo ndi pamene ndinawauza kalekale kuti ndikufuna kudzalapo mtengo wa mthunzi kuti ana azikhalapo masana.

Bambo Mbewe
Nde chilichonse mwamuna azipempha chilolezo?

Nasibeko
Kufunsa mkazi wako za kutsogolo kwa nyumba imene nonse mumagonamo si kupempha chilolezo a Mbewe. Akanakhala mayiwa apenta khoma lonse la kutsogolo mtundu wina abambo ali ku ntchito mukanati agonjere abambowo?

Admin
Tiyeni tilemekezane abale. Nkhani ya mutu wa banja tinaikambirana kale mwezi watha ndipo inatha moipa, pano tithandize mayiwa pa zimene afunsa.

Msilikali Wopuma
Ndakhala ndikuwerenga chete koma ndiyankhepo poti mbendera ndaikweza ndi kuitsitsa zaka zambiri ndili pa ntchito. Ndikanakonda abambowo akanakhala pano ndilankhule nawo ngati amuna anzanga. Kukweza mbendera ndi mbali yophweka, ntchito yeniyeni ndi kuisamala. Ife timakweza mmawa nkutsitsa dzuwa likamalowa, tsiku ndi tsiku, kaya kuli mvula kaya watopa. Siikhudza pansi. Siipachikidwa chadodolido chifukwa kumeneko ndi kunena kuti pano pagwa zoopsa. Ikatsika imapindidwa bwino nkusungidwa pouma. Pa nthawi yolira maliro a dziko umayamba waikweza mpaka pamwamba kenako nkuitsitsa kufika pakati, ndipo madzulo umaikwezanso kaye usanaitsitse. Ikasuluka kapena kung'ambika mmphepete siisiyidwa mmwamba ngati sanza, ndipo siisanduka chokolopera. Ku America komwe anthu amakonda kupachika mmakomo ali ndi malangizo olembedwa otchedwa Flag Code, amati ngati ukufuna ikhale mmwamba usiku uiwalitse ndi getsi, ndipo ikatha uiwononge mwaulemu makamaka poiwotcha. Tsono ndifunse mayi, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu amaitsitsa madzulo ndani?

Make Tiya
Palibe bambo. Ili mmwamba chiikireni, usana ndi usiku. Mvula yagwa katatu ili pompo ndipo kumapeto kwake yayamba kale kusosoka ulusi.

Msilikali Wopuma
Nde pamenepo munthu amene akuichitira ulemu mbenderayo ndinu amene mukuti itsike. Sindikuwanyoza abambowo, mtima wawo ndaumva ndipo ndi mtima wabwino, koma wokweza ndi amene amatsitsa. Sungakweze Lamlungu nkukwera basi kusiyira mnzako amene sanavomere. Za phokosolo ndi zosavuta, chingwe chimamenya chifukwa chalekerera ndipo chagundana ndi paipi. Achikokere kunja pang'ono ndi kachingwe kena kapena achizungulize pa paipi kawiri katatu asanamange, chisiya.

Chifuniro
Apa ndavomera bwana, za kutsitsa madzulozi sindimazidziwa. Koma ndikuonabe kuti tikamaopa mbendera yathu tikuipereka kwa andale kuti ikhale yawo yokha. Ku India anthu wamba sankaloledwa kuikweza pakhomo tsiku lililonse, ankangololedwa pa masiku a chikondwerero cha dziko. Munthu wina wabizinesi Naveen Jindal ataletsedwa kuikweza pa fakitale yake anapita ku khoti, anamenya nkhondo zaka zambiri mpaka malamulo anasintha pa 26 January 2002, ndipo mu 2004 khoti lalikulu linati ndi ufulu wa nzika. Anthu anavutikira kuti akhale ndi ufulu umene abambowa akugwiritsa ntchito, nde zimandiwawa ndikamva kuti itsike chifukwa choti odutsa akufunsa mafunso.

Aphunzitsi
Chifuniro mfundo yako ndi yabwino koma andale sadikira kuti tiwapatse, amatenga okha. Taona za mbendera ya Malawi. Inakwezedwa koyamba pa 6 July 1964, chakuda pamwamba kuimira anthu a mu Africa, chofiira magazi a amene anafera ufulu, chobiriwira chonde cha dziko, ndi dzuwa lotuluka la mizere 31. Mitundu itatuyo ndi yomweyo ya chipani cha MCP chimene chinkalamula nthawi imeneyo, nde kuyambira pachiyambi penipeni mbendera ndi chipani zinali moyandikana. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linaisintha, chofiira chinapita pamwamba, pakati nkuikapo dzuwa lathunthu loyera, amati dziko latukuka sikulinso mbandakucha. Anthu ambiri sanagwirizane nazo. Mu May 2012, a Joyce Banda atangolowa, nyumba ya malamulo inabwezeretsa yakale ija. Tsono ganiza munthu amene anali ndi mbendera pakhomo zaka ziwiri zimenezo, akapachika yatsopano ena amuwerenga kuti ndi wa boma, akasunga yakale ena amuwerenga kuti ndi wotsutsa, pomwe iye mwina amangokonda dziko lake basi. Ine ndimaphunzitsa ana tanthauzo la mitundu imeneyi ndipo ndimaikonda mbendera, koma sindingamuuze mayi amene amagona yekha ndi ana kuti mantha ake ndi opanda pake.

Mlongo wa ku Joni
Ndili ndi anzanga ambiri aku Zimbabwe kuno amakamba za 2016. M'busa Evan Mawarire anajambula vidiyo atakoleka mbendera ya dziko mkhosi akudandaula za umphawi ndi katangale, zinafala ndi dzina loti ThisFlag, iye anamangidwa, ndipo boma linachenjeza anthu za kugwiritsa ntchito mbendera popanda chilolezo. Mbendera yomweyo imene dzulo lake inali ya aliyense inasanduka chizindikiro choti uyu ndi wotsutsa boma. Zimasintha mwadzidzidzi izi.

Make Tiya
Poti mwafika pamenepa ndinene chimene sindinalembe poyamba, olo abambo a Tiya ndinawauzapo kamodzi kokha tili pa chibwenzi ndipo ndikukhulupirira anaiwala. Ndili ndi zaka 9 inali nthawi ya kampeni, mayi anga anayanika nsalu pa chingwe kutsogolo kwa nyumba, nsalu wamba yovala koma mtundu wake unafanana ndi wa chipani china. Madzulo kunadutsa gulu la anyamata akuchokera ku msonkhano, anayamba kugenda. Mawindo awiri anasweka, mwala umodzi unagwera pamene mng'ono wanga amagona, ife tinabisala kunsi kwa bedi mayi atatigwira pakamwa kuti tisalire. Bambo anali ku ntchito ya usiku. Palibe anavulala koma kuyambira tsiku limenelo ine sindifuna chilichonse pakhomo panga chimene chimapangitsa munthu wodutsa kuima nkuyang'ana kawiri. Ndikudziwa kuti mbendera ya dziko si ya chipani, mutu wanga ukudziwa zimenezo, koma munthu uja atandifunsa pa geti za chisankho miyendo inanjenjemera ndipo usiku umenewo sindinagone, ndinakoka matilesi a ana kuwachotsa pafupi ndi windo.

Agogo a Mapasa
Pepa mwana wanga. Zimenezi usatiuze ife tokha, ukawauze amuna ako monga walembera apamu, mawu omwewa. Iwo akumva ngati ukukana dziko pomwe iwe ukuona miyala.

Nasibeko
Ndalira powerenga. Pepani kwambiri asisi.

Chifuniro
Pepani mayi, ndinayankha mothamanga poyamba paja.

Bambo a Tiya
Moni nonse. Ine ndine mwamuna wa mayi amene analemba nkhaniyi, anditumizira zonse dzulo usiku ndipo ndapempha a Admin andilowetse kuti ndiyankhe ndekha. Poyamba ndinakwiya kuti nkhani ya mnyumba yafika pa gulu, koma nditawerenga mpaka pansi mkwiyo unatha. Agogo mwanena zoona, ndinadikira dala kuti achokepo chifukwa ndinkadziwa kuti akana ndipo sindinkafuna kumva kukanako. Pamenepo ndinalakwa. Za miyala zija ndinaiwaladi, ndipo mawu oti alibe mtima wokonda dziko sindimayenera kuwanena.

Koma nanenso ndinene mbali yanga poti sinamveke. Bambo anga anali mlonda pa sukulu ya pulayimale zaka zoposa 20. Sanaphunzire, dzina lawo ankalemba movutikira, koma ntchito yokweza mbendera mmawa ndi kuitsitsa madzulo inali yawo ndipo ankaigwira ngati ndi ntchito yaikulu kuposa zonse pa sukulupo. Ndili mwana ankandidzutsa kuti ndikawagwirire nsonga kuti isakhudze pansi, ndipo madzulo tinkaipinda awiri, iwo mbali iyi ine mbali iyo. Ndi nthawi yokhayo pa tsiku imene ndinkakhala nawo awiriwiri. Ankanena kuti akadzamanga nyumba yawo adzaika mtengo wa mbendera, koma anamwalira chaka chatha ali mnyumba ya lendi. Titamaliza nyumbayi chinthu choyamba chimene chinandibwerera ndi chimenecho. Sindinawafotokozere mayi a Tiya chifukwa ndikayamba kukamba za bambo mawu amandithera pakhosi, nde ndinangoti za kukonda dziko poti ndi zosavuta kunena.

A Msilikali mawu anu andilasa kuposa onse. Bambo anga sakanalola kuti igone panja olo usiku umodzi, ndipo ine mwana wawo ndaisiya pa mvula milungu inayi.

Msilikali Wopuma
Bambo anu anali munthu wodziwa ntchito yake. Inu munaphunzira kwa iwo kale, simukufunika ine kuti ndikuphunzitseni, ingochitani mmene ankachitira. Ndipo ana anuwo afika msinkhu wogwira nsonga.

Bambo Mbewe
Ine ndimaonabe kuti zikanatha mnyumba osafika kuno. Koma poti mwamuna mwini wavomera kulakwa ndilibe mawu.

Aphunzitsi
Tsono funso lidakalipo abale, kumvetsana kwachitika koma paipi ikadali mu simenti kutsogolo kwa windo. Mantha a mayiwa sathera pompa chifukwa amva za apongozi awo, ndipo chisoni cha bambowa sichithera pompa chifukwa amva za miyala. Ine ndikanati ikwezedwe masiku okhawo amene bambo ali pakhomo, ndipo nyengo ya kampeni ikayamba isakwezedwe konse mpaka zotsatira zitatuluka ndi mitima itazizira. Ku Germany anthu anakhala zaka zambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945 osamasuka kupachika mbendera mmakomo, anadzayamba kumasuka kwambiri pa World Cup ya 2006 imene inachitikira kwawo. Ngati dziko lathunthu linafunika nthawi yotalika choncho, mayi mmodzi musamuthamangitse.

Chifuniro
Nanga osangoipachika mkati pa khoma la pabalaza bwanji, nkhani nkutha?

Bambo a Tiya
Ndaganizapo achimwene koma kwa ine si kuiona kokha, ndi kukweza ndi kutsitsa kuja, chingwe chikuyenda mmanja. Ya pakhoma siingandipatse zimenezo.

Agogo a Mapasa
Musagamule pano. Lachisanu mukafika ana akagona mukhale pansi awiri, foni muzimitse, ife tanena zokwanira.

Make Tiya
Abale ndabweranso kudzakuuzani mmene zathera poti munatithandiza. Anafika Lachisanu kusanade ndipo asanalowe mnyumba anaitsitsa okha, anaitana Tiya kuti agwire nsonga. Usiku tinakambirana mpaka mochedwa, tonse tinalira, anandiuza zambiri za apongozi anga zimene zaka 11 za banja sindinazimvepo. Tagwirizana kuti izikwezedwa Loweruka ndi Lamlungu iwo akakhalapo, pa tsiku la ufulu wa dziko, ndi pa tsiku limene bambo awo anamwalira, ndipo izitsika dzuwa lisanalowe. Kampeni ikayamba ikhala mu kabati. Mkati mwa sabata paipi izikhala yopanda kanthu ndipo chingwe achizunguliza monga munanenera a Msilikali, usiku wa Lolemba ndinagona osamva kalikonse.

Chimene sitinagwirizane ndi malo. Ine ndikufunabe isamukire kumbali kwa nyumba kumene sikuonekera kwambiri kumsewu kuti pamalopo ndidzale mtengo wanga uja, iwo akuti kumbaliko kuli mawaya a magetsi pafupi ndipo paipi yachitsulo siyenera kuyandikira mawaya, zimene ndi zoona ndakaona ndekha. Akuti mwina kuseri, koma kuseri ndi koyanika zovala. Tasiya kaye mpaka mvula ithe poti kugumula simenti pano ndi matope okhaokha. Loweruka mmawa ndinaima pa windo akuikweza ndi ana, mtima unagundabe galimoto ina itachepetsa liwiro pa geti, koma sindinachoke pa windopo.

A Msilikali ndifunse, kumapeto kumene kwasosoka kuja ndingapinde nkusoka pa makina kapena tigule ina?

Msilikali Wopuma
Ngati ndi ulusi wa mmphepete wokha pindani kawiri musoke ndi ulusi wa mtundu womwewo pa mzere uliwonse, bola isafupike mpaka kuoneka yosiyana. Muichape ndi madzi ozizira payokha kuti mitundu isalowane, muyanike pa mthunzi, iume bwinobwino musanaipinde.